Momwe mungaphunzirire uchefu ku koleji mu Lusaka ndi ntchito zimene mungapeze

Mwana akamaliza Grade 12 n'kuuza makolo ake kuti akufuna kukaphunzira zophika, nthawi zambiri amafunsidwa kuti, "Kodi nsima nayonso yayamba kufuna koleji?" Funsoli si lopanda nzeru, chifukwa amayi ophika matebeto (nsima ya ndiwo zosiyanasiyana zakwathu) ku Thornpark amadzaza mabenchi masana aliwonse ndi luso limene ambiri a iwo analitengera kwa amayi awo. Koma khitchini ya hotela imafuna zina: kudyetsa anthu 200 pa ola limodzi, mbale yoyamba ndi yomaliza zikome mofanana, pasapezeke wotsegula m'mimba, ndipo mwini malo apeze phindu. Zimenezi ndizo mukupita kukaphunzira, choncho posankha sukulu muyang'ane khitchini yake kuposa dzina lake.

Musanalipire ngwee iliyonse, tsimikizani kuti sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998. Funsaninso ngati kosi imene mukufunayo ndi yovomerezeka, chifukwa pepala losindikizidwa ndi mwini sukulu yekha silipita nanu patali. Yodziwika kwambiri mu mzinda uno ndi Zambia Institute for Tourism and Hospitality Studies, imene achikulire amaitchulabe ndi dzina lakale la Hotel and Tourism Training Institute, ndipo ili ndi Fairview Hotel pa Church Road, kumene ophunzira amatumikira alendo enieni. Palinso makoleji ena a anthu wamba. Kosi ya m'khitchini imatchedwa Food Production, pamene Food and Beverage Service ndi ya operekera zakudya ndi zakumwa, ndipo ena amadzazindikira kusiyana kumeneku atalipira kale. Dipuloma kawirikawiri imafuna makirediti asanu a Grade 12 kuphatikizapo Chingerezi, koma amene sanafikepo angathe kuyambira pa satifiketi kapena pa trade test (mayeso a luso la ntchito zamanja) n'kumakwera pang'onopang'ono.

Kenako pitani nokha pa tsiku la maphunziro mukapemphe kuona khitchini. Werengani masitovu ndi mauvuni, muwerengenso ophunzira. Mukapeza anthu 20 atazungulira poto mmodzi, mphunzitsi akutakasa iwo akulemba m'makope, dziwani kuti mudzatuluka ndi mawu ambiri koma manja osazolowera mpeni. Funsani kuti amalowa m'khitchini kangati pa sabata, amene amagula nyama, ufa ndi batala za mapulakitiko ndani, komanso chimene amachita magetsi akazima, pakuti tonse tikukumbukira momwe chilala cha 2024 chinachepetsera madzi ku damu la magetsi la Kariba, mafiriji n'kumakhala osayaka pafupifupi tsiku lonse. Funso lalikulu koposa ndi la attachment, nthawi yokaphunzira ntchito pamalo enieni a ntchito: kodi sukulu imakupezerani malo ku hotela, kapena imangokupatsani kalata kuti mukadzifunire nokha?

Ponena za ndalama, kuwonjezera pa fizi muwerengere yunifomu yoyera, chipewa, epuloni, nsapato zosaterera ndi mipeni. Kuyambira mu 2022, pamene boma linakweza CDF (Constituency Development Fund, ndalama za chitukuko cha m'madera) kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstityuwense iliyonse, gawo lina la ndalamazo limalipirira achinyamata maphunziro a luso. Fomu yopemphera thandizoli imadutsa ku Ward Development Committee, komiti ya chitukuko ya m'wadi ya kwanu, ndipo imafuna kalata yoti sukulu yakulandirani, choncho yambani msanga.

Miyezi yoyamba imakhumudwitsa amene amayembekeza kuyamba ndi makeke a ukwati, chifukwa imathera pa kudula anyezi ndi karoti mofanana, kuwiritsa mafupa a msuzi, ndi kuphunzira masosi asanu a Chifalansa amene ena ambiri amachokerako: béchamel, velouté, espagnole, hollandaise ndi wa tomato. Phunziro la ukhondo musalitenge ngati la kungoloweza. Tizilombo timachulukana msanga m'chakudya chimene chili pakati pa madigiri 5 ndi 60, nkhuku iyenera kufika pa madigiri 75 m'kati mwake, ndipo thabwa lodulirapo nyama yaiwisi silikhudza saladi. Anthu a mu Lusaka anaona mu Januwale 2018 malo odyera akutsekedwa chifukwa cha kolera, ndipo mlendo mmodzi akadwala, woyamba kufunsidwa ndi wophika.

Phunziro limene ophunzira amalithawa, koma limene ine ndimaliona kuti ndilo limalekanitsa wophika ndi chefu, ndi la kuwerengera mtengo wa mbale. Tiyerekeze kuti nkhuku, mafuta, tomato, ufa ndi chibwabwa za mbale imodzi zakudyerani K40. Mukagulitsa pa K60 mudzaganiza kuti mwapindula K20, pamene simunawerengere gasi, lendi, malipiro a wotsuka mapoto, ngakhale tomato amene anaphwanyika m'bokosi pochokera ku Soweto Market. Nchifukwa chake malo ambiri odyera amayesetsa kuti zogula zikhale pafupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wogulitsira.

Mukamaliza, musadabwe kuti dipuloma ili m'manja koma mukuyambira pansi. Makhitchini a mahotela amatsatira dongosolo limene chefu wa ku France Auguste Escoffier analikhazikitsa ali ku Savoy Hotel ku London: woyamba kumene ndi commis, wotsatira ndi chef de partie amene amayang'anira gawo limodzi monga nyama kapena makeke, kenako sous chef, wachiwiri kwa mkulu wa khitchini, ndipo pamwamba pali mkuluyo, executive chef. Ntchitoyi ndi yoimirira tsiku lonse, ndipo Khirisimasi, pamene abale anu akudya, inu muli pa moto. Malipiro oyambira ndi ochepa, koma amene amafika nthawi yake ndi kusunga malo ake aukhondo amaonekera msanga, ndipo ambiri amalembedwa ntchito pamalo pomwe anachitira attachment.

Ntchito sizili m'mahotela a mu Lusaka mokha monga Pamodzi, InterContinental ndi Radisson Blu. Ku Livingstone kuli mahotela a alendo odzaona mathithi a Victoria, ndipo ku Mfuwe ndi ku Lower Zambezi kuli malojii, ngakhale ambiri a m'tchire amatseka nthawi ya dzinja misewu ikadzaza madzi. Makampani odyetsa ogwira ntchito m'migodi ku Solwezi ndi ku Kalumbila, zipatala, masukulu ogonera komweko ndi mabekale a m'masitolo akuluakulu nawonso amafuna ophika ophunzira. Ndipo musanyoze ndiwo zotendera, chikanda ndi kapenta poganiza kuti za ku koleji ndi zachizungu zokha. Mayi Sylvia Banda anamanga kampani yawo ya Sylva Food Solutions pa zakudya zakwathu ndi ndiwo zamasamba zoumitsa.

Amene akufuna kudzilemba ntchito yophikira maukwati, ma kitchen party ndi misonkhano ayenera kulembetsa dzina la bizinesi ku PACRA, bungwe lolembetsa mabizinesi, kutenga TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, ndi kupeza chilolezo cha zaumoyo ku Lusaka City Council, pamodzi ndi satifiketi ya kuchipatala ya munthu aliyense wogwira chakudya. Mapoto akuluakulu ndi mbale zotenthetsera chakudya mungabwereke kwa ochititsa lendi pa maoda oyamba, ndipo dipoziti ya kasitomala muilandire musanapite kumsika kukagula nyama.