Bass drum m'chipinda chaching'ono

Mukuti bass drum yanu, ng'oma yaikulu yoimba ndi phazi, imalira bwino m'holo koma m'chipinda imangoti "buu". Vuto ndi chipindacho. Funde la mawu otsika ngati a ng'omayi, a 60 Hz (kunjenjemera ka 60 pa sekondi), limatalika pafupifupi mamita 5.7, choncho pakati pa makoma otalikirana mamita 2.9, theka la kutalikako, limabwererabwerera, pena kukula, pena kuzimirira.

Choyamba ng'omayo ichotseni pangodya, italikirane ndi khoma theka la mita kapena kuposa. Wina aziponda chopondera inu mukuyendayenda kumvetsera, muziisuntha pang'onopang'ono. Kenako ikani pilo mkati mwa ng'omayo, akhudze chikopa chomenyedwacho. M'ngodya za chipinda muikemo rockwool (ubweya wopangidwa kuchokera ku miyala, womeza mawu) wokhuthala masentimita 15 mpaka 20. Pa siponji yopyapyala musatayepo ndalama, imangomeza mawu okwera okha. Ikamangoti "buu" chonchobe, kungani chikopa pang'ono kuti kulira kwake kusiyane ndi kwa chipinda.