Momwe mungasamalire chitsamba chamaluwa chimene chapsa ndi chisanu ku Johannesburg

Ambiri mwa ife amene timagwira ntchito ya m'dimba kuno tinakulira kumene hibiscus ndi bougainvillea sizidziwa chisanu, koma Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo usiku wa Juni ndi Julaye umawamba masamba mpaka kuda ngati apsa ndi moto, makamaka m'malo otsika monga m'mbali mwa mtsinje wa Jukskei.

Choyamba, musadulire. Apa ndi pamene ine ndinalakwitsa, ndipo zimandiwawabe. Chaka china mu Julaye ndinaona hibiscus wa abwana anga atafota, ndipo pofuna kuti pakhomo paoneke bwino ndinadula nthambi zonse zakuda tsiku lomwelo. Kutayamba kufunda mu Ogasiti, chitsambacho chinatulutsa mphukira zanthete, kenaka kunabwera usiku umodzi wozizira kwambiri umene unapha mphukirazo pamodzi ndi tsinde mpaka pansi. Masamba ouma aja, ngakhale ndi osasangalatsa m'maso, amakhala ngati chofunda cha nthambi zamoyo zimene zili mkati, ndipo kudulira kumadzutsa chomera nthawi yake isanakwane. Ngati mwini nyumba akukukakamizani, mufotokozereni mwaulemu kuti adikire mpaka pakati pa Sepitembala.

Podikirapo, phimbani chitsambacho madzulo ndi nsalu yoteteza ku chisanu ndipo muichotse dzuwa likatuluka. Nsaluyi imapezeka m'sitolo za mbewu ndipo imatsika mtengo mukagula ya pa mpukutu, koma masaka akale nawonso amathandiza. Pulasitiki ayi, chifukwa tsamba lililonse limene lakhudzana naye limapsa. Thirirani pang'ono m'mawa kamodzi pa sabata, popeza nyengo yozizira ya kuno ndi youma.

Nthawi ikakwana, palani khungwa pang'ono ndi chikhadabo kuyambira kunsonga kutsikira m'munsi. Pamene mkati muli mofiirira ndi mouma, nthambiyo yafa, koma pamene mwapeza mobiriwira pali moyo, ndipo mudule mopendeka pamwamba pa diso loyamba lamoyo ndi sizasi yakuthwa. Ngati nthambi zonse zafa, musafulumire kuzula, chifukwa bougainvillea nthawi zambiri amaphukira kuchokera pansi ngakhale mochedwa.

Mukatero ikani kompositi mozungulira, osakhudza tsinde. Chenjerani ndi manyowa a m'matumba ogulitsidwa m'mbali mwa msewu, chifukwa ena amakhala osawolerana ndipo amatentha mizu komanso kubweretsa udzu. Feteleza adikire mpaka masamba atsopano aoneke, makamaka mvula ya Okutobala ikayamba, ndipo feteleza wolembedwa 3:1:5 pa thumba lake ndi wokwanira. Chaka chamawa muyambe kuphimba mu Meyi.