Musanagule mkono wokumbira wogwirapo kale ntchito, yambani mwayang'ana thalakitala yanu

Kuno ku Kasungu ntchito yokumba sikutha, kaya ndi ku Santhe, ku Chamama kapena ku Nkhamenya: maiwe a nsomba m'mbali mwa madambo, ngalande zokwiriramo mapaipi a mthirira, maziko a zigafa ndi makola, maenje a zimbudzi ndiponso zitsa za m'minda. Nthawi yabwino yogwirira ntchito zimenezi ndi chilimwe, koma pofika Seputembala ndi Okutobala nthaka imakhala itauma gwa, aganyu amakweza mtengo, ndipo kubwereka chikatapila ku Lilongwe kumafuna kulipiranso galimoto yochinyamula. N'chifukwa chake alimi ena amene ali ndi mathalakitala ang'onoang'ono, pamodzi ndi makopaletivi, ayamba kufunsa za mkono wokumbira womangirira kumbuyo kwa thalakitala, umene ogulitsa amautcha kuti backhoe. Popeza watsopano ndi wokwera mtengo, ambiri maso ali pa wogwirapo kale ntchito, wogulitsidwa ndi esiteti imene yasiya kulima kapena wolowa m'dziko kuchokera ku South Africa ndi ku Zambia.

Maganizowa ndi abwino, koma mudziwe kuti chimene mukuika pachiswe pogula chipangizo chimenechi ndi thalakitala yeniyeniyo, imene mtengo wake umaposa wa mkonowo kangapo. Thalakitala anaipanga kuti izikoka zinthu kupita kutsogolo. Mkono wokumbira ukakhala pa ntchito umainyamula kumbuyo, kuikankhira m'mbali ndi kuipotokola nthawi iliyonse imene baketi yake yokumbira yakodwa pa muzu kapena pa mwala. M'mathalakitala ambiri injini, giyabokosi ndi nyumba ya ekiselo yakumbuyo zimalumikizidwa ndi mabawuti, ndipo zitatuzi ndizo zimanyamula thalakitala yonse, popanda fulemu ina yozithandiza. Zambiri mwa nyumba zimenezi n'zachitsulo chochita kuumba, chonga cha mphika wamiyendo itatu, chimene sichipindika kuti chikuchenjezeni koma chimangosweka. Nyumba ya giyabokosi ikang'aluka, kuwotcherera sikudalirika, ndipo thalakitalayo ikhoza kuima mpaka nyengo yolima itadutsa.

Kamangiridwe ka mkonowu kali mitundu iwiri, ndipo funso loyamba kwa wogulitsa likhale limeneli. Mtundu woyamba umakolekedwa pa mikono itatu ya kumbuyo, pomwe timakolekapo pulawo ndi haro. Ndi wosavuta kuika ndi kuchotsa, ndipo umakwana pa mathalakitala osiyanasiyana, koma mphamvu yonse yokumbira imathera pa malo ochepa, makamaka pa bulaketi yogwira mkono wapamwamba pa itatuyo, wotchedwa top link, imene pa thalakitala yaing'ono imagwiridwa ndi mabawuti ochepa chabe. Mtundu wachiwiri umakhala pa fulemu yakeyake, imene amakaniko amaitcha kuti subframe. Fulemu imeneyi imagwira pa ekiselo yakumbuyo n'kudutsa pansi pa thalakitala mpaka pakati kapena kutsogolo, motero kulemera ndi kugwedezeka kumagawika m'thupi lonse la thalakitala. Kwa thalakitala ya mahosipawa osafika 40, ine ndimalangiza mtundu wachiwiriwu popanda kukayika. Vuto lake ndi lakuti subframe iliyonse amaipangira mtundu umodzi wa thalakitala, choncho yochokera pa John Deere singakwane pa Kubota kapena pa Mahindra. Wogulitsa akakuuzani kuti wowotcherera wa pa msika aikonza tsiku limodzi, muwerengeretu mtengo wa zitsulo zochindikala, mabawuti olimba a giredi 8.8 kapena 10.9 ndi mmisiri amene anaigwirapo ntchito yotere. Asawotcherere kanthu pa nyumba ya giyabokosi kapena kuboolapo mabowo atsopano. Fulemu igwire m'mabowo amene fakitale inasiya.

Ngati thalakitala yanu ndi yokulirapo, monga Massey Ferguson 240 kapena 375, ndipo mwasankha wokoleka pa mikono itatu, yezani mapini. Mikono ya gulu loyamba, Category 1, ili ndi mapini apansi a mamilimita 22 ndi lapamwamba la mamilimita 19, pamene ya Category 2 ili ndi a mamilimita 28 ndi 25. Kukula kwa mkono nakonso kugwirizane ndi thalakitala. Wokumba mozama mamita 2 kapena kupitirirako pang'ono umalemera makilogalamu 400 mpaka 600, ndipo umenewu ndiwo woyenera thalakitala yaing'ono. Waukulu kuposa pamenepa umakopa maso pa malo ogulitsira, koma umapepukitsa matayala akutsogolo mpaka chiwongolero kuleka kumvera.

Mbali imene imagwetsa ogula ambiri ndi ya oyilo wa hayidiroliki, chifukwa ndi yosaoneka ndi maso. Mkono waung'ono umafuna pampu yotulutsa malita 20 mpaka 30 pa mphindi, pa mphamvu ya ma bar 140 mpaka 170, ndipo manambala enieni amalembedwa m'buku lake kapena pa kachitsulo kokhomedwa pa fulemu. Pampu ya m'kati mwa mathalakitala akale a Massey Ferguson, monga 135 ndi 240, imatulutsa malita osafika 20 pa mphindi. Mkono ungagwire ntchito ndi pampu yotere, koma umayenda pang'onopang'ono kwambiri, ndipo woyendetsa amayamba kukweza injini mpaka oyilo kutentha. Palinso china choganizira: oyilo wa hayidiroliki m'mathalakitala ambiri ndi yemweyo wa m'giyabokosi, choncho litsiro ndi madzi zimene zatsalira m'masilinda a mkono wakale zimakalowa m'magiya anu tsiku loyamba lomwelo. Pa zifukwa ziwirizi, mkono wokhala ndi pampu yakeyake yozunguzidwa ndi PTO, shafti yozungulira ya kumbuyo kwa thalakitala, komanso thanki yake ya oyilo, ndi wabwino kwa ife kuno. Onani kuti pampuyo ndi ya liwiro lozungulira maulendo 540 pa mphindi ndipo ikulowa pa shafti ya mano 6 ya mamilimita 35. Mathalakitala ena ang'onoang'ono ochokera ku Japan ali ndi magiya angapo a PTO, ndipo kuika giya yothamanga kumaononga pampu. Pampuyo imangidwe ndi tcheni kapena chitsulo kuti isazungulire limodzi ndi shafti.

Mukasankha kugwiritsa ntchito oyilo wa thalakitala, makaniko atsimikize kuti mavalavu a mkono ndi a thalakitala ndi a mtundu umodzi. M'mathalakitala ang'onoang'ono ambiri oyilo amazungulira mosalekeza kuchoka ku pampu kubwerera ku thanki, ndipo njira yakeyo siyenera kutsekeka. Tsiku limene mwachotsa mkono kuti mukalime, mapaipi awiri otsala pa thalakitala muwalumikize pamodzi musanalize injini, apo ayi pampu idzakankha oyilo pa njira yotseka n'kuphulika kapena kupsa.

Tsopano za kuuyendera mkonowo. Musagule pongoona zithunzi za pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndipo musapite nokha. Tengani makaniko, tepi yoyezera ndi manambala a thalakitala yanu. Pemphani kuti auike pa thalakitala n'kukumba muli pomwepo kwa theka la ola, chifukwa oyilo wozizira amabisa zilema zimene zimaonekera akatentha. Utambasuleni mkonowo, baketi ili m'mwamba pang'ono, n'kuugwedeza ndi manja uku ndi uku. Kukhwepa pang'ono pa mapini a baketi n'kwachizolowezi ndipo mapini ndi mabushi amasinthidwa, koma kukhwepa pa tsinde pamene mkono wonse umazungulirapo ndi nkhani yaikulu, makamaka ngati mabowo enieniwo adyeka n'kutalika mbali imodzi, pakuti kukonza kwake kumafuna makina a ku shopu yaikulu. Kenako dzazani baketi ndi dothi, inyamuleni, zimitsani injini ndipo muone ngati mkono ukutsika wokha. Kutsika kooneka ndi maso kumasonyeza kuti timphira ta m'silinda tatha kapena valavu yadyeka. Timphira n'totsika mtengo, pamene valavu ndi yodula ndiponso yovuta kuipeza. Miyendo iwiri yochirikiza muiyese chimodzimodzi. Ndodo zonyezimira za masilinda zikhale zosalala, zopanda dzimbiri, zokala kapena kupindika, chifukwa ndodo yokumbika imadya timphira tatsopano m'masabata ochepa. Oyilo wooneka ngati mkaka ali ndi madzi. Pomaliza pukutani girisi m'malo olumikizira zitsulo n'kufufuza ming'alu, ndipo penti watsopano wopakidwa malo amodzi okha akupatseni chifukwa chofunsa mafunso. Mng'alu wowotcherera bwino, woikidwapo chitsulo cholimbitsa, si chifukwa chokanira kugula, koma wowotcherera kangapo pa malo amodzimodzi udzang'alukanso.

Mapaipi a rabala pa mkono wakale muwerengeretu kuti mudzasintha ambiri. Amapangidwa ku Lilongwe, koma popita mutenge paipi yakaleyo, popeza mazinga a zolumikizira amasiyana: zipangizo zochokera ku Ulaya ndi ku South Africa kawirikawiri zimakhala za BSP, pamene za ku America zimakhala za JIC kapena NPT. Mtengo weniweni wa mkonowo ndi umene wogulitsa watchula kuphatikizapo mapaipi, oyilo, fyuluta, fulemu, mayendedwe ndi mmisiri. Pa malondawo palembedwe kalata yokhala ndi nambala ya chipangizocho ndi mboni, ndipo ngati chinachokera kunja muone mapepala a MRA.

Pomangirira pali ngozi imodzi imene ndikufuna aliyense aimvetse, chifukwa imapha. Mikono itatu ya thalakitala imanyamula zinthu m'mwamba, koma palibe choiletsa kukwera yokha ikakankhidwa kuchokera pansi. Baketi ikakanikiza nthaka, mkono wonse pamodzi ndi mpando wa woyendetsa ukhoza kudzuka n'kumupanikiza munthuyo ku denga kapena ku chitsulo choteteza thalakitala ikagubuduzika. Choncho mkono wokoleka pa mikono itatu uyenera kukhala ndi zitsulo zolimba zoumangirira pansi kuti usakwere, top link ikhale yamphamvu yobwera ndi mkonowo osati ya pulawo, ndipo chogwirira chokwezera mikono chitsekeredwe pansi. Ngati zitsulo zimenezi zinatayika, zipangidwe kaye munthu asanakhale pa mpandowo. Kutsogolo kwa thalakitala kuikidwe zolemetsa, kuti matayala akutsogolo asenze gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera konse kapena kuposerapo. Poyenda pa msewu, mkono upindidwe n'kukhomedwa ndi mapini ake, ndipo liwiro likhale lochepa, makamaka m'misewu yathu yafumbi yokumbika, chifukwa kudumpha m'maenje kumathyola mabulaketi monga momwe kukumba kumachitira. Mabawuti a fulemu muwakungenso mukagwira ntchito tsiku loyamba, ndipo girisi azithiridwa m'mapini onse tsiku lililonse la ntchito. Pofufuza pamene oyilo akudontha gwiritsani ntchito katoni osati dzanja, pakuti oyilo wotuluka pa kabowo kakang'ono amaboola khungu, ndipo wovulala motere athamangire kuchipatala ngakhale bala likuoneka laling'ono.

Musanakumbe pafupi ndi tauni ya Kasungu, m'misika ikuluikulu kapena m'mbali mwa msewu wa M1, funsani a Central Region Water Board, a ESCOM ndi makampani a mafoni kumene mapaipi ndi mawaya awo anadutsa, ndipo muyang'anenso mawaya a m'mwamba. Dothi lathu lamchenga limagumuka mosachenjeza, ndipo dothi lodzaza malo a mita imodzi mbali zonse limalemera kuposa tani imodzi. Munthu asalowe m'ngalande yozama kupitirira mamita 1.2 ngati makoma ake sanapendeketsedwe kapena kuchirikizidwa ndi matabwa, ndipo dothi lofukulidwa liunjikidwe mita imodzi kutali ndi m'mphepete. M'madambo dikirani kuti madzi aphwe, kuyambira cha mu Julayi, ndipo pansi pa miyendo yochirikiza muyale matabwa ochindikala. Mukafika pa lubwe wolimba kapena pa chitsa chachikulu cha msuku, musamenye ndi baketi kapena kukankha cham'mbali. Kumbani mozungulira, dulani mizu ndi nkhwangwa, ndipo pamene mkono wakanika pafunika piki kapena chikatapila chachikulu chobwereka.