Kuyeza maso a mwana wosadziwa kuwerenga

Kusukulu ina ya mkaka ku Kawale, ana a zaka 4 ankalephera tchati cha zilembo, pomwe vuto linali kusadziwa zilembozo basi. Ndinasintha n'kuika tchati cha chilembo E chokha. Mwana amaima mamita 6, n'kuloza kumene miyendo ya E yayang'ana. Poyeza diso limodzi, linalo muziphimba ndi katoni, osati chikhatho, poti ana amasuzumira pakati pa zala, ndipo diso likapanikizika limaona chimbuuzi. Wolephera mzere wolembedwa 6/12 pa tchaticho apite kuchipatala cha maso ku Kamuzu Central. Akamudonthezera mankhwala asanamuyeze magalasi musadabwe: maso a mwana amadzikakamiza kuona, ndiye popanda mankhwalawo muyeso umasokonekera.