Mukalakwiridwa pa ntchito, yambani chonchi

Ambirife bwana akatilakwira timangong'ung'udza mu minibasi yochokera ku Kanengo, kufika kunyumba tapsa mtima, mawa tabwereranso ngati palibe chachitika. Ndiye tiyeni tiuzane mmene nkhani imayendetsedwera.

Choyamba lembani. Tsiku, nthawi, amene analipo, zomwe bwana ananena. Ngati ndi ovataimu yomwe sanakulipireni lembani maola onse, paja Employment Act ya 2000, lamulo la za ntchito, imati maola wamba asapitirire 48 pa sabata. Ma payslip, kontrakiti, kalata ya chenjezo, ngakhale mauthenga a pa WhatsApp, jambulani musunge kunyumba osati mu diloo ya ku ofesi, chifukwa tsiku lomwe akuchotsani alonda pa geti sakulolaninso kulowa, mapepala onse atsala mkatimo.

Kenako dandaulo lanu lipite kwa supavaiza kapena a HR (ofesi yoona za ogwira ntchito) mwa kalata, asaine pa fotokope yanu kuti alandira. Zikakanika apa ndi pomwe komiti imagwira ntchito. Onani mu ma conditions of service ngati pali komiti yomva madandaulo, ngati palibe khalani pansi ndi anzanu mupemphe mabwana kuti ikhalepo, ena ochokera kwa mabwana ena osankhidwa ndi ogwira ntchito eni ake. Apa samalani, musalole bwana akusankhireni okuyimirirani, ine ndinaonapo komiti yomwe wapampando wake anali mlamu wa bwana, nkhani iliyonse imathera pa "tiona" basi. Sankhani munthu woti akhoza kuyankhula pamaso pa bwana osanjenjemera, komanso wosunga chinsinsi, ndipo mugwirizane masiku oti yankho lizituluka, zokambirana zonse zizilembedwa mu maminitsi. Ngati muli ndi yuniyoni itanani shop steward, woyimira yuniyoniyo pa ntchito panu, akhale nanu, kulowa yuniyoni ndi ufulu wanu pansi pa Labour Relations Act ya 1996, wina asakuopsezeni.

Akakuitanani ku hiyaring'i pitani ndithu, kukana kumangowapatsa mpata. Pemphani akuuzeni mlandu wake molemba kuti mukonzekere. Gawo 57 la Employment Act limati munthu sangachotsedwe popanda chifukwa chomveka, komanso ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito ayenera kaye kupatsidwa mpata wodziteteza. Zoti "usabwerenso mawa" pa foni si lamulo ayi.

Tsono apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera. Mukachotsedwa muli ndi miyezi itatu yokha yokadandaula kwa District Labour Officer, mkulu wa ofesi ya leba m'boma lanu, kuwerenga kuchokera tsiku lomwe anakuchotsani. Mabwana ena amadziwa zimenezi, ndiye amangokuuzani kuti komiti ikumana sabata ya mawa, kenako abwana akulu ali ku Joni, kenako dikirani bodi, inu muli phee kudikira, miyezi ikutha. Apilo ya mkati ipitirire koma ku leba kalembetseni dandaulo msanga. A leba amaitana mbali zonse ziwiri, akalephera kukugwirizanitsani pa mwezi umodzi nkhani itha kupita ku Industrial Relations Court, khoti ya nkhani za ntchito yomwe ilipo konkuno ku Lilongwe, ndipo kumeneko ndi bwana amene ayenera kuonetsa chifukwa chomwe anakuchotserani.

Akakupatsani pepala loti musaine kuti mwalandira zanu zonse, pemphani mupite nalo kunyumba mukawerenge kaye, muone ngati za notisi ndi masiku a holide omwe simunapite zawerengedwamo.