Mmene mungakonzekerere ulendo wapansi wachifundo m'chipululu cha Australia

Chaka chilichonse magulu a anthu amayenda wapansi kwa masiku angapo m'njira ya Larapinta, pakatikati pa dziko la Australia, pofuna kusonkhanitsa ndalama zothandizira odwala ndi ena ovutika. Njira yonse ndi ya makilomita 223, kuchokera ku tawuni ya Alice Springs mpaka paphiri la Mount Sonder, ndipo inagawidwa m'zigawo 12. Oyenda zachifundo amasankhapo zigawo zingapo chabe, koma musanyengeke nazo. Ngati mwalembetsa, nazi zoyenera kuchita.

Choyamba, samalani mapazi, chifukwa ulendowu umawalaka anthu kuyambira kumapazi. Njirayi ndi ya miyala yakuthwa, yogwedera, yomwe imadya nsapato. Gulani nsapato zolimba miyezi itatu ulendo usanafike, muzizivala mpaka zifewe. Nsapato yatsopano tsiku loyamba imatulutsa thuza pachidendene, tsiku lachiwiri thuzalo laphulika, lachitatu munthu akutsimphina pamene anzake ali patali. Pokonzekera, yendani Loweruka ndi Lamlungu motsatizana, chikwama chili kumsana, m'malo okwera ndi otsika. Kuyenda tsiku limodzi lalitali sikukuphunzitsani kudzuka miyendo itauma n'kuyambiranso. Mukamva kutentha pachala cha phazi, imani pomwepo mumatepo pulasitala, musadikire kufika pogona.

Kenako madzi. M'malo oyambira zigawo muli matanki, koma madzi ake awiritseni kapena thiranimo mankhwala. Mpweya wa kumeneko ndi wouma kwambiri moti thukuta limauma musanalione, ndiye munthu amaganiza kuti ali bwino. Nyamulani malita osachepera 3 kapena 4, muzimwa pang'onopang'ono ludzu lisanabwere. Mkodzo ukayamba kuda, mwachedwa kale.

Mawu oti chipululu asakupusitseni n'kusiya juzi. Nyengo zawo zimayendera limodzi ndi zathu: Juni ndi Julayi ndi miyezi yozizira, ndipo ndi nthawi yomwe ambiri amayenda, popeza m'chilimwe kutentha kumapitirira madigiri 40. Usiku kumazizira mpaka madigiri 0, nthawi zina kutsikirapo. Magulu ambiri amakwera Mount Sonder, phiri la mamita 1,380, kukadali mdima kuti dzuwa liwatulukire ali pamwamba. Kupita ndi kubwera ndi makilomita pafupifupi 16, mphepo ikuwomba. Mufunika tochi ya pamutu, chipewa cha ubweya ndi magolovesi. Masana, chipewa chachikulu ndi kaukonde kophimba kumaso, chifukwa ntchentche za kumeneko zimalimbirana maso ndi milomo.

Netiweki ya foni mbali zambiri kulibe. Funsani wotsogolera gulu ngati ali ndi foni ya setilaiti kapena kachipangizo koitanira thandizo kotchedwa PLB, ndipo onetsetsani kuti inshuwalansi yanu ikulipira kunyamulidwa pa ndege mukavulala. Nambala ya ngozi ku Australia ndi 000.

Nkhani ya ndalama ndimaitenga mwamphamvu. Auzeni anthu poyera kuti ndalama zingati zikupita ku bungwe lothandizidwa, ndipo zingati ndi za ulendo wanu. Ngati mungathe, tikiti ndi chakudya lipirani za m'thumba mwanu. Mayi amene wapereka kangachepe kake ayenera kudziwa komwe kapita. Yambani kupempha msanga, ndipo aliyense wopereka mum'thokoze pomutchula dzina.

Dera limeneli ndi la anthu a mtundu wa Arrernte, omwe phiri lija amalitcha Rwetyepme. Malo ena ndi opatulika kwa iwo, choncho tsatirani zikwangwani, musatole miyala, zinyalala mubwerere nazo.

Mukuchokera kunja kwa Australia? Tsukani nsapato zija, dothi lonse lichoke m'mizere ya pansi, ndipo muzitchule pa fomu yolowera m'dzikomo. Pabwalo la ndege amazitembenuza n'kuziyang'ana.