Musanakhulupirire app yowerenga ma calorie

Anzanga a ku Nchalo, Ngabu mpaka Nsanje amene mwaika pafoni ma app a AI (nzeru za kompyuta) owerenga ma calorie (muyeso wa mphamvu zomwe chakudya chimapereka m'thupi) pa chithunzi cha chakudya, tamverani. Ambiri mwa ma app amenewa anaphunzira pa zakudya zakunja, choncho nsima ya mapira amatha kuisokoneza ndi chakudya china. App ikalemba dzina lolakwika, dinani dzinalo mulikonze. Nsima ikasowa pamndandanda, sakani ugali kapena sadza, maina a nsima m'maiko ena.

Jambulani pamalo owala, mitanda isasanjikizane, ndipo pambali pa mbale ikani supuni kuti kukula kwa mtanda kudziwike.

Pamene ambiri timanamizidwa ndi pa mafuta. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ophikira ili ndi ma calorie pafupifupi 120, koma akalowa mu mlamba wokazinga kapena mu msuzi, kamera siiwaonanso. Nsinjiro za m'chisoso chimodzimodzi. Funsani amene waphika kuti wathira ochuluka bwanji, mulembe nokha. Thobwa ndi nzimbe zomwe timaziziritsira kukhosi dzuwa likaswa mtengo muzilembenso, muli shuga.

Amene muli ndi matenda a shuga, chonde musasinthe mankhwala kapena kadyedwe potengera manambala a pafoni musanawaonetse achipatala.